Mwapanga opaleshoni yochepetsa chifu, nde pano muzidya bwanji kuti thupi lisabwerere mwakale?

Tsiku lomwe ndinkatuluka m'chipatala anesi anandipatsa kakapu kapulasitiki kaja koyezera mankhwala a ana, kolowa mamililita 30 okha, amvekere kuyambira lero kapu yanu ndi imeneyi. Ndinakayang'ana kakapuko osakhulupirira kuti kangandivute kumaliza, koma kanandivuta ndithu, madzi ankachita kumveka akutsika n'kukaima penapake pansi pa chifuwa. Papita zaka 4 chipangireni opaleshoni yochepetsa chifu yotchedwa sleeve, ndipo amene angopanga kumene amandifunsa mafunso omwewomwewo, nde ndati ndingolemba zonse motsatana mmene zimabwerera, kuyambira sabata yoyamba mpaka chaka chachiwiri chimene kwa ine ndi pamene pali ntchito yeniyeni. Ndineneretu chimodzi, ngati pepala lomwe anakupatsani adokotala anu kapena katswiri wa zakudya likusiyana ndi zomwe ndalemba pano, tsatirani pepalalo, iwowo ndi amene anaona mkati mwanumo.

Choyamba, dziwani dzina la opaleshoni yanu

Ndakumanapo ndi anthu omwe amangoti "anandichepetsa mimba" basi. Ayi, dziwani dzina lake ndipo mulilembe mu foni pamodzi ndi deti, chifukwa tsiku lina mudzadwala muli kutali ndipo dokotala wosakudziwani adzafunsa. Ofala kwambiri alipo awiri. Pa sleeve amadula n'kuchotseratu gawo lalikulu la chifu, pafupifupi 75 mpaka 80 peresenti, chotsalacho chimakhala chowonda ngati nthochi koma chakudya chimadutsabe njira yake yakale. Gawo lochotsedwalo ndi lomwe limapanga kwambiri holomoni ya njala yotchedwa ghrelin, n'chifukwa chake miyezi yoyambirira njala imangosowa. Pa gastric bypass chifu sachichotsa, amapanga kathumba kakang'ono kumtunda kwake, kukula ngati dzira, n'kukalumikiza ku matumbo aang'ono molambalala chifu chotsalacho ndi chiyambi cha matumbo. Pachiyambi pa matumbo pamenepo ndi pomwe thupi limayamwa kwambiri ayironi ndi kashiamu, nde wa bypass nkhani ya mavitamini imamukhudza kwambiri kuposa wa sleeve, ngakhale tonse imatikhudza.

Masabata awiri oyamba: zamadzimadzi zokhazokha

Mkatimo muli mzere wa masitepulo, tizitsulo tomwe anatsekera pomwe anadula chifu, womwe ukupola, ndipo chilichonse cholimba chimaukankha. Masiku awiri oyamba nthawi zambiri ndi madzi, tiyi wopanda shuga ndi msuzi wosefa bwinobwino. Kenako mumaonjezera mkaka wochotsa mafuta, yogati wopanda shuga wosungunula, supu wosefa, ndi ufa wa mapuloteni uja wosungunula m'madzi kapena mu mkaka ngati anakulemberani. Zakumwa za gasi ayi, zimadzaza mpweya m'kachifu kosapolako ndipo ululu wake si wamasewera.

Koma ntchito yanu yaikulu masabata amenewa si kudya, ndi madzi. Kuchepa kwa madzi m'thupi ndi chimodzi mwa zinthu zomwe zimabweza anthu ambiri kuchipatala akangotuluka. Mukufunika malita 1.5 mpaka 2 patsiku ndipo simungamwe mogugudiza ngati kale, nde masamu ake ndi awa: kakapu kamodzi ka mamililita 30 pa mphindi 15 zilizonse, pa ola ndi mamililita 120, mukatero kwa maola 14 mwadutsa malita 1.5. Ikani alamu mu foni, musadalire ludzu chifukwa ludzu likamabwera ndiye kuti mwachedwa kale ndipo simungathe kubwezera pakamodzi. Madzi ozizira akakukanani yesani ofunda, kwa ine ofunda ndi omwe ankatsika. Muziyang'ana mkodzo, ukakhala wochepa komanso wakuda ngati tiyi, mutu ukuwawa, mukadzuka chizungulire, dziwani kuti madzi achepa.

Muziyenda. Tsiku lomwelo la opaleshoni amakudzutsani kuti muyende ndipo sikuti akukuzunzani, akuopa magazi kuundana m'miyendo. Kunyumba muzidzuka ola lililonse kapena awiri n'kuzungulira pang'ono, ndipo ngati anakupatsani majakisoni ochepetsa kuundana kwa magazi malizani onse olo mukumva bwino. Zolemera kuposa makilogalamu 5 musanyamule kwa masabata 4 mpaka 6, apa ndikuphatikizapo mwana ndi ndowa ya madzi.

Pali zizindikiro zomwe simuyenera kudikira nazo kuti kuche. Mtima kugunda mothamanga kupitirira 120 pa mphindi muli chikhalire, kutentha thupi, kupweteka m'mimba komwe kukungokulirakulira, ululu wa paphewa lakumanzere womwe sukutha, kubanika, mwendo umodzi kutupa ndi kuwawa, kusanza magazi kapena chimbudzi chakuda bii, kapena kusanza mpaka olo madzi osakhazikika. Chimodzi mwa zimenezi chikachitika pitani kuchipatala pompo ndipo mukafika nenani dzina la opaleshoni lija. Mtima wothamanga uja nthawi zina ndiwo chizindikiro choyamba choti pamzere wa masitepulo pakudontha, musamangoti ndi mantha.

Ngati mumamwa mankhwala a shuga kapena a BP, musatuluke m'chipatala musanafunse kuti muzimwa bwanji tsopano. Shuga amatha kutsika masiku oyamba omwewo thupi lisanayambe n'komwe kutsika, ndipo munthu wobaya insulin mlingo wakale akungomwa msuzi akhoza kukomoka. Funsaninso za mapilisi akuluakulu ndi aja opangidwa kuti azisungunuka pang'onopang'ono, ena amafunika kusinthidwa, musamangowaphwanya nokha.

Sabata yachitatu ndi yachinayi: zogaya

Apa chakudya chikhale chosalala ngati cha mwana woyamba kudya, chopanda timibulu. Nsomba yophika yogaya ndi msuzi wake, nkhuku yogaya pa bulenda, nyemba zophwanya n'kusefa makoko, yogati, dzira lofewa ngati akulolani. Mlingo wake ndi masupuni aakulu 2 mpaka 4 basi. Ndimakumbukira dzira langa loyamba, ndinalikazinga lofewa popanda mafuta ambiri, ndinadya tisupuni titatu bwinobwino, kachinayi ndinameza mothamanga chifukwa linkakoma, ndipo pasanathe mphindi ziwiri ndinamva ngati wina wandikhomera chibakera pakati pa chifuwa, malovu kudzadza m'kamwa, ndinakhala chiimire kukhitchini mpaka zinabwerera. Supuni imodzi yokha ndi yomwe inasiyanitsa kukhuta ndi kusanza.

Nde phunzirani kukhuta kwatsopano, sikumveka kumimba ngati kale. Ena amamva kuthina pansi pa chifuwa, ena amageya, ena mphuno imayamba kuchucha kapena amayetsemula. Chizindikiro chanucho chikangobwera ikani supuni pansi, olo m'mbale mwatsala kamodzi kokha.

Cha m'sabata yachitatu yomweyi sikelo imakonda kuima, masiku 5, 10, nambala yomweyo. Ambiri amalira apa poganiza kuti opaleshoni yakanika. Sinakanike, thupi likungokonza madzi ake ndipo liyambanso kutsika lokha. Musachepetse chakudya chomwe ndi chochepa kale.

Sabata yachisanu mpaka yachisanu ndi chitatu

Mumayamba zofewa zomwe zimaphwanyika ndi foloko, nsomba yophika, nyama yogaya ya msuzi, masamba ophika mpaka kufewa, zipatso zopanda makoko, kenako pang'onopang'ono mumafika pa chakudya wamba. Yesani chakudya chatsopano chimodzi pa nthawi kuti chikakuvutani mudziwe kuti ndi chiti. Zomwe zimavuta ambiri ndi buledi wofewa, mpunga, pasta, nyama youma yootcha ndi masamba a mitsitsi, zina zimafufuma zikafika mkati, zina zimakakamira. Chikakukanani lero chisiyeni masabata awiri mudzayesenso. Ena mkaka umayamba kuwatsegula m'mimba pamene kale unalibe vuto, yogati nthawi zambiri amakhazikika bwino.

Malamulo a pambale, awa ndi a moyo wonse

Yambani ndi mapuloteni nthawi zonse, kenako masamba, zokhutitsa ngati mpunga kapena mbatata zibwere pomaliza ngati malo atsala, ndipo nthawi zambiri satsala. Chifukwa chake n'chakuti thupi likamatsika mothamanga silisankha, limadya mafuta ndi minofu yomwe, ndipo minofu ikatha mumafooka komanso thupi limayamba kuotcha mphamvu zochepa, zomwe zimadzakuvutani kutsogolo. Mlingo womwe ambiri amapatsidwa ndi magalamu 60 mpaka 80 a mapuloteni patsiku. Kuti muone kukula kwa ntchitoyi, dzira limodzi lili ndi magalamu 6, kapu ya mkaka ya mamililita 250 ili ndi 8, nyama ya pachifuwa cha nkhuku yophika yolemera magalamu 100 ili ndi pafupifupi 30, koma miyezi yoyamba magalamu 100 amenewo simungawamalize pakamodzi. Nde kufika pa 60 sikungochitika mwangozi, muziwerengera, lembani m'kabuku kapena mu foni kwa miyezi itatu yoyamba mpaka maso azolowere.

Dulani chakudya tizidutswa tating'ono ngati nsonga ya chala, tafunani ka 20 kapena 30 mpaka chisanduke phalaphala m'kamwa, ikani supuni pansi musanatenge china. Chakudya chimodzi chizitenga mphindi 20 mpaka 30, zikakwana nyamulani mbale olo simunamalize. Izi n'zofunika mbali zonse ziwiri, mukathamanga musanza, koma mukakhala pambale ola lathunthu kachifu kamakhala kakutsitsa kwinaku mukuonjezera ndipo mutha kumaliza mbale yaikulu osazindikira. Gwiritsani kambale kakang'ono, ndipo musamadye mukuonera TV kapena mukuseweretsa foni, kukhuta kwatsopano kuja kumalankhula motsitsa mawu, mukatanganidwa simukumva.

Lamulo lomwe anthu amalitaya msanga ndi la madzi. Osamwa mukudya, ndipo dikirani mphindi 30 mukatha kudya, zipatala zambiri zimatinso musiye kumwa kanthawi musanayambe kudya. Taganizani fanelo yomwe mwathiramo chakudya chofewa, chimakhala momwemo n'kumatsika pang'onopang'ono, koma mukathira madzi pamwamba chonse chimakokoloka nthawi imodzi. Kachifu kanu ndi chimodzimodzi, mukamwera chakudya mumadya chambiri ndipo njala imabwera msanga. Ine ndinangosiya kuika kapu patebulo, ikakhalapo dzanja limapita lokha.

Za shuga. Pali vuto lina lomwe madokotala amalitcha dumping, limagwira kwambiri a bypass koma a sleeve ena limawapezanso. Mukadya zotsekemera kapena zamafuta kwambiri, zimathamangira m'matumbo zisanakonzeke, ndipo pakatha mphindi 10 mpaka 30 mtima umayamba kuthamanga, thukuta, nseru, m'mimba kupota, kutsegula, kufooka koti mumangofuna kugona pansi. Palinso ina yochedwa yomwe imabwera pakatha ola limodzi mpaka atatu, thupi limatulutsa insulin wambiri ndipo shuga wa m'magazi amagwa, mumanjenjemera, maso kuchita mdima. Ikakupezani yoyambayo gonani, imatha yokha. Yochedwayo ikamabwerabwera kauzeni adokotala, makamaka ngati mumayendetsa galimoto. Koma musadalire dumping kuti ikhale mlonda wanu, ambiri sawagwira n'komwe ndipo ena imawasiya pakapita nthawi.

Mavitamini, apa ndikupemphani mundimvetsetse

Anthu amamwa mokhulupirika chaka choyamba, akaonda n'kumamva bwino amasiya, poti palibe chikuwawa. Vuto lake kuperewera kwa zinthuzi sikuwawa poyamba, kumadya munthu mwakachetechete ndipo zina zikaonongeka sizibwerera. Vitamini B12 kuti ayamwidwe amafuna asidi wa m'chifu ndi kanthu kena komwe chifu chomwecho chimapanga, zonse ziwiri zachepa tsopano. Chiwindi chimasunga B12 wokwana zaka zingapo, nde mutha kusiya lero n'kukhala bwino zaka ziwiri, kenako dzanzi kumapazi, kuiwalaiwala, kuyenda mozandima, ndipo minyewa ikaonongeka nthawi yaitali siichira yonse. Ena amapatsidwa mapilisi a mlingo waukulu, ena jakisoni pa miyezi itatu iliyonse.

Zomwe ambiri amalemberedwa ndi multivitamin tsiku lililonse, B12, vitamini D, ayironi, ndi kashiamu mamiligalamu 1,200 mpaka 1,500 patsiku. Kashiamu wa mtundu wa citrate ndi amene amayamwidwa bwino pamene asidi wachepa, ndipo osamwa yense pakamodzi, thupi limangotenga pafupifupi mamiligalamu 500 mpaka 600 pa nthawi, nde mugawe kawiri kapena katatu. Kashiamu ndi ayironi amalimbirana njira, azisiyana ndi maola awiri, komanso ayironi osamwera tiyi kapena khofi. Ine ndimamwa kashiamu masana ndi madzulo, ayironi pogona, ndipo ndinagula kabokosi ka zipinda 7 komwe ndimadzaza Lamlungu lililonse. Amayi amene akusambabe, ayironi wanu amafunika wochulukirapo, kutopa kosatha, kupuma mwawefuwefu pokwera masitepe ndi kulakalaka kutafuna ayisi musazitenge ngati zabwinobwino, kayezetseni magazi.

Palinso B1, thiamine, yemwe ndi wosiyana ndi anzakewa chifukwa thupi limangosunga wa masabata awiri kapena atatu. Munthu amene akusanzasanza kwa masiku angapo motsatana akhoza kumuthera msanga, ndipo zikafika poti akusokonezeka mutu, akuona zinthu ziwiriziwiri kapena akulephera kuyenda bwino, ubongo uli pangozi. Kusanza tsiku ndi tsiku si gawo la kuchira, musapirire nako, pitani akakuoneni ndipo mutchule za B1.

Magazi muziyezetsa pa miyezi 3, 6 ndi 12, kenako kamodzi chaka chilichonse mpaka kalekale, olo mukumva bwino chotani.

Mankhwala a ululu, mowa, fodya ndi mimba

Ibuprofen, diclofenac ndi anzawo a gulu limenelo amabweretsa zilonda za m'mimba, makamaka kwa a bypass pamalo polumikiza paja, nde mutu ukawawa paracetamol ndi amene amaloledwa. Ngati mumamwa aspirin chifukwa cha mtima musasiye nokha, kambiranani ndi adokotala. Fodya naye amabweretsa zilonda zomwezo ndipo amachedwetsa kupola, ngati munasiya chifukwa cha opaleshoni musayambirenso.

Mowa umalowa m'magazi mothamanga kwambiri tsopano, makamaka kwa a bypass, botolo limodzi limagwira ngati awiri kapena kuposa. Zipatala zambiri zimati osaukhudza miyezi 6 mpaka 12 yoyamba. Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti munthu amene ankathawira ku chakudya akakhumudwa, chakudyacho chikatsekeka amafuna pothawira pena, ndipo mowa sufuna malo ambiri m'chifu. Mukaona kuti mwayamba kumwa tsiku ndi tsiku, kapena mukubisa, nenani msanga, ndi vuto lodziwika pambuyo pa opaleshoniyi ndipo sadzadabwa nanu.

Amayi, thupi likamatsika mphamvu yobereka imabwerera mwadzidzidzi, olo kwa amene anakhala zaka osatenga pathupi. Amalangiza kudikira miyezi 12 mpaka 18 kuti thupi liyambe laima kaye, chifukwa mwana sangakule bwino pamene mayi akudya masupuni owerengeka. Mapilisi olerera akhoza osayamwidwa bwino kwa a bypass, funsani za lupu kapena implanti.

Zina zomwe zingakuopseni panjira

Cha m'mwezi wachitatu mpaka wachisanu ndi chimodzi tsitsi limathothoka. Ine mwezi wachinayi ndinkachita kuopa chipeso, ndikapesa kamodzi chimatuluka chodzadza, pilo m'mawa tsitsi lokhalokha. Ndi thupi lomwe ladzidzimuka ndi opaleshoni komanso kutsika kothamanga, limameranso, langa linayamba kubwerera chaka chisanathe. Chomwe mungachite ndi kukwanitsa mapuloteni ndi mavitamini, mafuta odula opaka kumutu sasintha kanthu.

Kudzimbidwa kumabwera chifukwa chakudya n'chochepa, madzi n'ochepa, ayironi nayenso amaumitsa, nde onjezerani madzi ndi kuyenda, zikakanika pemphani mankhwala ofewetsa. Kuonda mothamanga kumayambitsanso miyala mu ndulu, n'chifukwa chake ena amapatsidwa mankhwala oteteza kwa miyezi 6, ndipo ululu waukulu kumtunda kwa mimba mbali yakumanja mukadya zamafuta ndi wofunika kukaunikitsa. A sleeve ambiri amavutika ndi chilungulira, musamagone musanathe maola awiri kapena atatu mutadya, chikapitirira kanenedwe. A bypass, ululu waukulu wa m'mimba wobwera n'kumapita olo patatha zaka 5, musaupeputse, matumbo amatha kulowa pampata womwe unatsala mkati n'kupotana. Khungu limalendewera, pamikono, pamimba, m'ntchafu, muzisamba n'kupukuta bwino m'mapindimo kuti musatuluke zilonda, ndipo zodula khungu amaziganizira thupi likakhala litaima kwa miyezi ingapo.

Masewera olimbitsa thupi yambani ndi kuyenda, muzionjezera mpaka mufike mphindi 150 pa sabata kapena kuposa, ndipo adokotala akakulolani onjezerani zonyamulanyamula kawiri pa sabata kuti minofu isathe. Sizifuna jimu, kukhala ndi kudzuka pampando ka 10 katatu ndi poyambira pabwino.

Chaka chachiwiri

Miyezi 6 yoyamba thupi limatsika mothamanga, kenako limachedwa, ndipo cha pa miyezi 12 mpaka 18 limaima. Ambiri amakhala atataya pafupifupi 25 mpaka 30 peresenti ya kulemera komwe anali nako. Nthawi yonseyi opaleshoni ndi imene imakhala ikugwira ntchito yaikulu, olo mulakwitse apa ndi apo sikelo imatsikabe, ndipo apa ndi pomwe munthu amanamizika kuti malamulo aja analibe ntchito. Kenako njala imabwerera, osati ngati yakale koma imabwerera, kachifu kamafewa n'kumalandira chochulukirapo, masiku okaonana ndi adokotala amatalikirana, abale amasiya kukufunsani kuti mwadya chani. Mumatsala nokha ndi zizolowezi zomwe munaphunzira chaka choyamba, kapena zomwe simunaphunzire.

Kubwerera makilogalamu ochepa kuchoka pomwe munatsikitsitsa n'kofala ndipo si kulephera. Chomwe muyenera kuchigwira msanga ndi kukwera kosaima. Ine pakati pa mwezi wa 18 ndi wa 26 ndinakwera makilogalamu 7 ndipo ndinkalumbira kuti sindikudya zambiri, ndipo zinali zoona, pambale ndinkadya pang'ono. Katswiri wa zakudya anangondiuza kuti ndilembe chilichonse cholowa m'kamwa kwa masiku 7, olo kakang'ono bwanji. Pepalalo litadzadza ndinaona ndekha: tiyi wa shuga ndi mkaka makapu anayi kuntchito, aliyense ndi mabisiketi awiri, juwisi masana poti ndi zipatso, tchipisi tapaketi madzulo pa TV. Palibe olo chimodzi chomwe chinandikhutitsapo. Pang'onopang'ono ndi mtolo, ndipo mtolo wanga unali umenewo.

Zinthu ngati mabisiketi, tchipisi, chokoleti, ayisikilimu ndi zakumwa zotsekemera zimasungunuka n'kudutsa kachifu ngati palibe chomwe anachita, pamene nkhuku ndi masamba zimakhala n'kukukhutitsani. Ndipo poti nyama imafuna kutafuna ndipo nthawi zina imathina, munthu umapezeka ukuthawira ku zosavutazo osadziwa. Nde mukaona sikelo ikukwera, musayambe ndi kudzimana chakudya kapena kubwerera ku zamadzimadzi za sabata yoyamba, zimenezo zimangokulitsa njala. Chitani izi motsatana. Lembani zonse kwa sabata imodzi osabisa. Chotsani kaye zakumwa zonse zokhala ndi shuga, mowa womwe. Bwererani pa chakudya katatu patsiku pa nthawi yodziwika, ndi kena kamodzi kapena kawiri kokonzeratu ngati yogati kapena dzira, pakati pakepo madzi basi, kutolatola ayi. Bwezeretsani mphindi 30 zija za madzi. Yambaninso ndi mapuloteni olimba ofuna kutafuna. Ine nditachita zimenezi makilogalamu 5 anachoka m'miyezi inayi, awiri anatsala ndipo ndakhala nawo mpaka lero osasuntha.

Muzikwera sikelo kamodzi pa sabata, tsiku lomwelo, m'mawa musanadye. Tsiku ndi tsiku zimangosokoneza mutu, koma kusiyiratu n'koopsa kwambiri chifukwa munthu amasiya kukwera sikelo nthawi yomwe akudziwa kuti zinthu sizili bwino. Dziikireni malire, mwachitsanzo makilogalamu 3 pamwamba pa pomwe munaima, mukawadutsa masabata awiri otsatana yambani ndondomeko ili pamwambayi tsiku lomwelo, osadikira mwezi wa mawa.

Muphunzirenso kusiyanitsa njala ya m'mimba ndi njala ya m'mutu. Ya m'mimba imabwera pang'onopang'ono ndipo dzira lowiritsa imalilandira. Ya m'mutu imabwera mwadzidzidzi, imafuna chinthu chimodzi chokha, kawirikawiri chotsekemera, ndipo imakonda nthawi yomwe mwakangana ndi munthu, mwatopa, muli nokhanokha kapena simunagone bwino. Opaleshoni sinafike kumeneko. Ikabwera imwani madzi, tulukani panja mphindi 10, imbirani munthu. Koma ngati mukuona kuti mukudya mobisa, mukudzisanzitsa dala, kapena mtima wakhala wolemera masabata angapo mpaka kuganiza zodzipweteka, pamenepo pakufunika mlangizi wa zamaganizo kapena dokotala mwamsanga, ndipo palibe chamanyazi. Thupi likasintha chonchi zambiri zimagwedezeka, m'banja, kwa anzanu, mmene anthu akukuyang'anirani. Ena adzakuuzani kuti munadutsa chidule, ena adzakukakamizani kuti idyaniko pang'ono mwaonda kwambiri. Simukuyenera kufotokozera aliyense, "zikomo ndakhuta" ndi yankho lokwanira, ndipo pamaphwando ine ndimatenga kambale kanga n'kumadya pang'onopang'ono, mbale ikakhala m'manja anthu sakuvutitsa.

Mukayesa zonsezi kwa miyezi itatu koma sikelo ikukwerabe, bwererani kuchipatala. Ndikudziwa manyazi ake, ine ndinasintha deti kawiri ndisanapite poopa kuti akandiona ngati ndawononga ntchito yawo, koma nditafika sanandikalipire, anangotenga magazi n'kuyamba kufunsa mafunso. Kunenepa kwambiri ndi matenda okhalitsa, ndipo iwo ali ndi zina zomwe inu mulibe kunyumba, akhoza kuunika ngati kathumba kapena polumikiza patakasuka, kuona ngati mankhwala ena omwe mukumwa ndi amene akukunenepetsani, kukulemberani mankhwala ochepetsa njala ngati semaglutide, ndipo kwa ena ochepa amakambirana za opaleshoni yachiwiri. Popita tengani pepala la masiku 7 lija, mabotolo onse a mavitamini omwe mukumwa kuti aone milingo yake, ndi manambala a sikelo a miyezi yapitayo, ndipo musanatuluke m'chipindamo pemphani akulembereni deti la chaka chamawa loyezetsa magazi, muliike mu foni muli pomwepo.